Kusamutsa sisitimu yakale si ntchito ya Loweruka limodzi

Mawu akuti "tingochotsa yakaleyi, tiike yatsopano" ndatopa nawo. Amamveka m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi a boma, ndipo owanenawo kawirikawiri sanatsegulepo pulogalamu imene akuiweruzayo. Pulogalamu yomwe yagwira ntchito zaka 30 imakhala itasunga malamulo a bungwe amene palibe anawalemba papepala: chiwongoladzanja chiwerengedwe bwanji mwezi ukathera Lamlungu, ndani asadulidwe chindapusa, fayilo iti itumizidwe pakati pa usiku. Odziwa zifukwa zake anapuma pantchito kalekale.

Nkhani ya banki ya TSB ku Britain imandiwawabe. Mu Epulo 2018, kumapeto kwa sabata imodzi, bankiyi inasamutsa makasitomala oposa 5 miliyoni kuchoka pa makompyuta a banki ya Lloyds kupita pa sisitimu yatsopano ya Proteo4UK. Deta inasamuka bwinobwino. Chomwe chinagwa ndi sisitimuyo anthu atayamba kuigwiritsa ntchito. Makasitomala pafupifupi 1.9 miliyoni analephera kulowa m'maakaunti awo, ena akalowa ankaona ndalama za eni. Ofufuza anapeza kuti nyumba ziwiri zosungiramo maseva (makompyuta oyendetsa sisitimu) sizinakonzedwe mofanana, ndipo mayeso oona ngati sisitimu ipirira khamu la anthu anachitikira pa nyumba imodzi yokha. Taganizani, imodzi yokha! Bankiyi inataya mapaundi pafupifupi 330 miliyoni, mkulu wake Paul Pester anatula pansi udindo mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo mu Disembala 2022 inalipitsidwanso chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni.

Njira yabwino yosamutsira sisitimu ndi kudula pang'onopang'ono. Yambani mwalemba chilichonse chimene chimalowa ndi kutuluka mu sisitimu yakale, kuphatikizapo kafayilo ka Excel kamene akalaliki a malipiro amadalira mwezi uliwonse. Kenako sankhani gawo limodzi laling'ono, monga kusindikiza masitetimenti, mulisamutse lokha, zina zonse zikugwirabe kwakale. Sisitimu ziwirizi ziyendere limodzi mpaka zidutse kutseka mabuku kwa mwezi kangapo, makamaka kwa chaka, ndipo m'mawa uliwonse muziyerekeza zotsatira mpaka pa tambala. Njira yobwerera kwakale iyesedwe ndithu, isangolembedwa.

Kusiyana kumabisala m'tinthu tonyozeka. COBOL, njira yolembera mapulogalamu imene masisitimu ambiri akale amagwiritsa ntchito, yomwe inayamba mu 1959, imasunga ndalama ndi madesimo okhazikika. Wolemba pulogalamu yatsopano akasankha mtundu wa manambala wa floating point, umene susunga madesimo ndendende, 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004, ndipo pa maakaunti miliyoni mabuku sagwirizananso. Makompyuta akuluakulu a IBM amasanja zilembo patsogolo, manambala pambuyo; maseva atsopano amayamba ndi manambala, choncho lipoti lomwelo limatuluka mosinthana mizere. Palinso deti ngati 99/99/99, imene akale ankalemba kutanthauza kuti pangano lilibe tsiku lothera. Sisitimu yatsopano imaikana.

Chenjerani ndi ogulitsa olonjeza kumaliza zonse m'miyezi itatu, kapena onena kuti ali ndi chida chomasulira COBOL yonse kupita ku Java, njira yatsopano yolembera mapulogalamu, pachokha. Chidacho chimamasulira mizere, koma sichidziwa kuti lamulo ili linathetsedwa, ili likadalipo. Afunseni kuti ayerekeza bwanji zotsatira, alipira ndani zikalephereka, ndiponso deta yanu mudzaitenga bwanji mukadzasiyana nawo. Akayamba kuzungulira, asasaine nanu kalikonse.

Musamve ngati ndikuti musachite kanthu. Kuzengereza nako kumapweteka. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za boma (NHS) ku England, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mpata umene vairasiyo inkalowera mu Malichi. Ngati muli ndi Windows Server 2012, dziwani kuti chithandizo chake chaulere chochokera ku Microsoft chinatha mu Okutobala 2023. Ndipo ngati pali munthu mmodzi yekha wodziwa sisitimu yanu, mumpatse wachinyamata wokhala naye pambali kuyambira mwezi uno, azilemba zonse, asanapite kumudzi kukapuma.