Chinjoka cha pa tanto muzichiona pomaliza

Bambo ena anafika pamalo anga a ntchito atanyamula tanto, mpeni waufupi wa ku Japan, wokulungidwa m'nsalu. Anaugula pa intaneti, ndipo ankafuna ndiwauze ngati ndalama yawo inapita pabwino. Asanakhale n'komwe anali atausolola kale m'chimake, chala chili pa chinjoka chozokotedwa pachitsulopo. "Taonani mambawa, akulu. Mukhoza kuwawerenga limodzilimodzi." Ndinawapempha kuti ayambe achotsapo chalacho, chifukwa thukuta la m'manja limasiya dzimbiri. Kenako ndinazimitsa getsi lalikulu n'kusiya babu limodzi. Nditaupendeketsa mpeniwo moyang'ana kuwalako, ndinaona kuti chinjokacho sichinakhale pakati. Mchira wake unakhotera kumbali popanda chifukwa, ndipo pomwe unathera panali kadzenje ngati kobooledwa ndi singano, kamzere kotuwa kakutuluka m'menemo. Chitsulocho chinali ndi thuza m'kati, ndipo wina anabwera pambuyo n'kuzokotapo chinjoka kuti aliphimbe. Bambowo anakhala duu nthawi yaitali. Nane zinandipweteka, chifukwa anagula ndi mtima wonse.

Kuchokera pa zoterezi, aliyense wofuna kuyamba kusonkhanitsa mipeni imeneyi ndimamuuza kuti chozokotacho achione pomaliza. Ndicho chimakopa maso, ndiponso ndicho chosavuta kunamizira nacho munthu.

Tiyambe tamvana mayina. Ku Japan mpeni wosapitirira masentimita 30 amautcha tanto. Ukapitirira pamenepo mpaka 60 ndi wakizashi, ndipo wautali kuposa apo ndiye katana amene ambiri amamudziwa. Zozokota za pachitsulo amazitcha horimono. Malupanga osulidwa mwachikhalidwe kuyambira m'ma 1876 kubwera kuno amatchedwa gendaito, ndipo ongotuluka kumene m'manja mwa osula a lero ndi shinsakuto. Chaka cha 1876 chili ndi nkhani yake: ndi pamene boma la Meiji linaletsa anthu kuyenda ndi malupanga m'chiuno. Osula ambiri anasiya, n'kumapanga mipeni ya kukhitchini ndi zida za kumunda. Mwa ochepa amene anakakamirabe panali Gassan Sadakazu wa ku Osaka, amene mu 1906 anapatsidwa ulemu wokhala mmisiri wa banja lachifumu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, kusula malupanga kunaletsedweratu. Bungwe loteteza malupanga aluso, la NBTHK, linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo mu 1953 osula analoledwa kuyatsanso moto.

Chilolezo chimenecho chinabwera ndi malamulo, ndipo malamulowo ndi bwenzi la wogula. Munthu sakhala wosula malupanga ku Japan asanaphunzire zaka 5 pansi pa mmisiri wovomerezeka ndi kupambana maphunziro a nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Akapeza chilolezocho, pamwezi amaloledwa kusula malupanga aatali 2 kapena aafupi 3 basi. Ndiye mukaona wogulitsa ali ndi matanto ambirimbiri ofanana ndendende, lililonse ndi chinjoka chake, pa mtengo wa foni, dziwani kuti sanadutse m'manja mwa wosula wotereyu.

Chitsulo chake amachitcha tamahagane. Amene anamvapo za ng'anjo zadothi zimene makolo athu ankayengeramo chitsulo ndi makala ndi mivukuto sadzavutika kumvetsa. Ku Okuizumo, m'chigawo cha Shimane, kuli ng'anjo yotchedwa tatara imene bungwe la NBTHK lija linaitsitsimutsa mu 1977. Amayatsa m'nyengo yozizira, ndipo moto umayaka masiku 3, usana ndi usiku, akuthiramo mchenga wachitsulo pafupifupi matani 10 ndi makala okwana matani 12. Pomaliza amagumula ng'anjoyo n'kukoka chibuma chachitsulo chosapitirira matani 3, chimene amachiphwanya ndi kusankhamo zidutswa zabwino. Wosula amazitenthetsa, amazipinda ndi kuzimenya kakhumi kapena kuposerapo, mpaka pachitsulo pamatuluka mizere ngati ya thabwa. Akaumba mpeniwo amaumata dongo, lochindikala kumsana, lopyapyala kukamwa, n'kuutenthetsa mpaka kufiira n'kuuviika m'madzi. Kukamwa kumazizira msanga n'kuuma gwa. Kumsana kumakhala kofewerapo. Malire a mbali ziwirizi amaoneka ngati mtambo woyera woyenda m'mphepete mwa mpeni, ndiwo hamon.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa wozokota amagwira ntchito m'malire amene moto ndi madzi zamuikira. Amalandira mpeni utaviikidwa kale, usanapite kwa wopukuta womaliza. Kukamwa tchizulo sichilowa, choncho malo ake ndi kachigawo kofewa kaja, ndipo pa tanto kachigawoko n'kopapatiza ngati chala. Amayamba wajambula chithunzicho ndi inki pachitsulo, kufufuta, kujambulanso, mpaka chikhale bwino ndi kutalika kwa mpeniwo. Kenako amaukhazika pa utomoni kuti usagwedezeke, n'kutenga titchizulo tating'onoting'ono totchedwa tagane, tambirimbiri, tosiyana milomo, ndi kanyundo kopepuka. Go, go, go, tsiku lonse, kachitsulo kochoka pa kumenya kumodzi n'kochepa kuposa njere ya mchenga. Akatha kusema amasalaza m'kati mwa mzere uliwonse ndi timiyala, n'kukhula ndi kachitsulo kosalala mpaka m'maenje monse muwale. Chinjoka chathunthu chimadya milungu yambiri. Ndipo chitsulo chikachoka chachoka. Tchizulo chikaterereka kamodzi, palibe chomata.

Zithunzizi zinachokera m'chipembedzo. Zambiri zimaloza kwa Fudo Myoo, mtetezi wa m'Chibuda amene amajambulidwa ali ndi lupanga kudzanja lamanja, chingwe kumanzere, malawi a moto kumbuyo. Chinjoka chokulunga lupanga n'kumalimeza kunsonga, chotchedwa kurikara, chimaimira iyeyo. Pali zilembo zotchedwa bonji, zochokera ku India, chilichonse choimira mulungu wake. Pali suken, kalupanga kowongoka kopanda chokongoletsa, ndi gomabashi, timizere tiwiri toyenda limodzi, toimira timitengo tachitsulo togwiritsa pa mwambo wa moto m'kachisi. Chinjokacho nachonso chimasemedwa mitundu itatu: shin, chathunthu ndi mamba ndi zikhadabo, gyo, chochepetsedwako, ndi so, pomwe changotsala mizere yokhotakhota ngati udzu wowombedwa ndi mphepo.

Ine mtima wanga uli pa zosavuta zija, ndipo sindibisa. Ongoyamba amathamangira shin chifukwa ntchito yake imaoneka yambiri. Koma m'mamba ochuluka dzanja lofooka limabisala. Timizere tiwiri ta gomabashi tilibe pothawira: tikapatukana ndi mpata wonga tsitsi, kapena kamodzi kakazama kuposa kanzake, diso limaona pompo. Suken wosemedwa bwino pa tanto amasiya malo oti chitsulo chioneke, ndipo mizere yake ndi hamon ndi zimene wosula anavutikira kwambiri.

Mungafunse kuti masiku ano, pamene palibe womenya nkhondo ndi mpeni, akuusulabe ndi wa yani. Ku Japan tanto ndi mamorigatana, mpeni woteteza. Makolo amaitanitsa mwana akabadwa, ndipo mkwatibwi wovala zachikhalidwe amasomeka kampeni palamba wake. Kubanja lachifumu mwambowu ulipobe. Mwana wamkazi wachifumu Aiko atabadwa mu 2001, mpeni wake anausula Osumi Toshihira, ndipo wa mwana wamwamuna wachifumu Hisahito mu 2006 anausula Amata Akitsugu, onse awiri amisiri amene boma linawalemekeza ngati chuma chamoyo cha dziko. Pa mpeni wopatsa khanda, chilembo cha mtetezi chimakhala pemphero la wopereka. N'chifukwa chake tanto wamakono ndi horimono zimayenderana kwambiri.

Tsono funso lalikulu kwa wogula ndi lakuti anazokota ndani, ndipo liti. Osula ena amazokota okha, ndipo amalemba pa tsinde la mpeni, mbali yolowa m'chigwiriro, mawu akuti hori dosaku, kutanthauza kuti wosema ndi yemweyo wosula. Banja la Gassan ndilo lodziwika kwambiri pa zimenezi: Sadakazu uja, mwana wake Sadakatsu, kenako Sadaichi amene analemekezedwa ngati chuma chamoyo cha dziko mu 1971, ndi Sadatoshi wa ku Sakurai m'chigawo cha Nara. Chitsulo chawo chimadziwikanso ndi mizere yoyenda ngati mafunde, yotchedwa ayasugi. Takahashi Sadatsugu, woyamba mwa osula kulandira ulemu umenewu mu 1955, anaphunzira kubanja lomweli ndipo ankasema mwaluso. Osula ena amapereka mpeni kwa katswiri wa zozokota zokhazokha, ndipo palibe cholakwika pamenepo, chifukwa awiriwo amakhala atagwirizana mpeni usanamalizidwe. Choipa ndi atobori, chozokota chobwera pambuyo, mwini wake asakudziwa. Chija cha bambo aja chinali chotero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pochizindikira, yambani ndi malo. Chozokota chokonzedwa pamodzi ndi mpeni chimakhala mokhazikika, chimayambira pafupi ndi tsinde ndipo chimalemekeza hamon. Chikakhotera kumbali, chikakwera kunsonga mosayenera, kapena mukaona kamtambo kapena kalawi kosemedwa patali pa kokha, funsani kuti pansi pake pali chiyani. Kenako tengani galasi lokulitsa muyang'ane m'makoma a mizere. Tchizulo chimasiya khoma lakuthwa ndipo mzere umazama ndi kuphwa monga dzanja linkayendera. Makina ozungulira amasiya mapeto obulungira ndi tizipsera tonjenjemera. Asidi amasiya pansi pathyathyathya, potuwa, kuzama kofanana paliponse, ndipo hamon wa mipeni yotereyi kawirikawiri amakhalanso wonamizira, wobwereza mano ofanana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga.

Tsinde lolowa m'chigwiriro, nakago, ndilo chitupa cha mpeni. Limagwidwa ndi kamsomali kamodzi kansungwi. Mukakakankha, chigwiriro chimavuka. Mbali imodzi pamakhala dzina la wosula, mbali inayo chaka, cholembedwa motsatira ulamuliro wa mfumu. Chaka cha Showa muonjezerepo 1925, choncho Showa 50 ndi 1975. Cha Heisei muonjezere 1988, cha Reiwa 2018. Wogulitsa wokana kukuonetsani chithunzi cha tsinde musiyeni. Mayina akuluakulu ngati Gassan amaberedwa, choncho dzina palokha si umboni.

Za mapepala anthu amasokonezeka. Lupanga lililonse lovomerezeka ku Japan limakhala ndi kakhadi kotchedwa torokusho, kochokera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Kamalemba kutalika, kukhota, mabowo a patsinde ndi zolembedwapo, koma sikatsimikiza kuti dzinalo ndi loona. Mpeni ukamatuluka m'dzikomo kakhadiko kamabwezedwa, ndipo pamafunika chilolezo chotulutsira, ndiye pemphani wogulitsa akujambulireni kasanabwezedwe. Zikalata zotsimikiza ndi za NBTHK, kuyambira Hozon kukwera m'mwamba, koma bungweli silipereka zikalatazi pa ntchito za osula amene akadali moyo. Apa ndi pamene mpeni wamakono umaposera wakale. Wa zaka 600 timangoganizira. Wa lero mukhoza kufunsa wosulayo kapena ophunzira ake ngati ndi wawo komanso amene anausema. Musanalipire, fufuzaninso malamulo a dziko limene mukukhala pa zolowetsa mipeni.

Mukaupeza, mdani wake wamkulu ndi dzimbiri, ndipo wachiwiri ndi mwini wake wofuna kuuwalitsa. Kupukuta kulikonse kwa katswiri kumachotsa kachitsulo pamwamba, ndipo chozokota chimaphwa nacho. Pa mipeni yakale mumapeza chinjoka chopanda nkhope, changotsala mimba yokha. Wamakono wapukutidwa kamodzi, mizere yake ikadali yakuthwa, ndipo ukasamalidwa bwino sudzafunanso mwala m'moyo wanu wonse. Sandipepa ndi mankhwala owalitsira miphika zisayandikire. Tsinde musalitsuke ngakhale lide bwanji, chifukwa kuda kumeneko ndiko kumasonyeza msinkhu wake. Muusunge m'chimake chake choyera cha shirasaya, chamtengo wosapaka utoto, chomatidwa ndi phala la mpunga, ndipo muugoneke kukamwa kutaloza m'mwamba.

Miyezi ingapo iliyonse, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene m'nyumba mumakhala chinyontho, usololeni, mupukute mafuta akale ndi kansalu kofewa, mupake atsopano a malupanga, otchedwa choji, pang'ono kwambiri, ongokwanira kuti chitsulo chinyezimire. Pa mpeni wozokota samalani ndi m'maenje. Mafuta akale amadikha pakati pa mamba n'kugwira fumbi, ndipo dzimbiri limayambira momwemo, pomwe nsalu siifika. Ine ndimakulunga kathonje pa kamtengo kofewa kosongoka, n'kuyenda mzere ndi mzere pansi pa babu, kuchokera kumchira wa chinjoka mpaka kukamwa kwake, ndisanapake mafuta atsopano.