Yoga kangati pa sabata? Zimatengera mtundu wake

Yoga, masewera odziwongola thupi motsatana ndi kapumidwe, ili mitundumitundu, choncho masiku ochitira sangafanane. Yodekha, yongodziwongola pamkeka kwa mphindi 15 uku mukukoka mpweya pang'onopang'ono, mukhoza kuchita tsiku lililonse. Koma ya thukuta, monga vinyasa kapena ashtanga, imene thupi limalemera pamanja kambirimbiri, imatopetsa minofu ngati masewera ena olimbitsa thupi. Imeneyi ndiyo imafuna masiku opumula. Ngakhale akatswiri a ashtanga, amene amachita masiku 6 pa sabata, amasiya tsiku limodzi, komanso sachita mwezi ukakhala wathunthu kapena ukapita kumdima.

Ngati mukungoyamba, chitani katatu pa sabata modumphitsa tsiku, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi 20 mpaka 30. Pakatha mwezi, onjezani tsiku limodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye masiku enawo muziyendako ndawala.

Minofu ikagwira ntchito imene sinazolowere, imavulala pang'ono m'kati mwake, ndipo imadzikonza munthu akamapumula. N'chifukwa chake thupi siliphwanya tsiku lomwelo, limadzaphwanya pakatha maola 24 mpaka 72. Zimenezi sizoopsa. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa: imalandira magazi ochepa, ndipo imachira mochedwa kwambiri. Taganizani za munthu amene watandala pampando mu ofesi ku City Centre, madzulo n'kumakakamiza kugwira zala zakuphazi mawondo ali chiwongokere. Akatero tsiku ndi tsiku, ululu umayamba kunsi kwa thako, pamene minofu ya kuseri kwa ntchafu imagwira fupa, ndipo ukhoza kutenga miyezi. Pindani mawondo pang'ono powerama, palibe chochititsa manyazi. Mfundo za manja nazonso zimadandaula msanga; tambasulani zala zonse pamkeka kuti kulemera kusagwere pamalo amodzi.

M'mawa wa Juni ndi Julaye kuno ku Lilongwe thupi limakhala louma ndi chisanu, choncho yambani ndi mphindi 10 zolitenthetsa. Mu Okutobala chitani dzuwa lisanakwere, madzi ali pafupi.

Ululu wobaya pamalo amodzi, kutupa kapena dzanzi si kuphwanya wamba. Siyani kachitidwe kamene kakuyambitsa, ndipo zikapitirira sabata, kaonaneni ndi dokotala.