B.B. King, woyimba amene gitala yake inkayankha mawu

Achinyamata ambiri ophunzira gitala amafuna liwiro, zala zizithamanga pa nsambo anthu n'kumadzidzimuka. Ine ndimati ayambe amvetsera B.B. King, chifukwa bamboyu ankatha kugwira nsambo imodzi yokha holo yonse n'kukuwa.

Riley B. King anabadwa pa 16 September 1925 pa munda wa thonje pafupi ndi Itta Bena, m'chigawo cha Mississippi ku America. Makolo ake anali anthu akuda olima m'minda ya eni, ogawana zokolola ndi mwini malo, ndipo atasiyana, mwanayo analeredwa kwambiri ndi agogo ake aakazi. Anathyola thonje, anayendetsa thirakitala, ndipo kuyimba anakuphunzirira m'tchalitchi. Atafika ku Memphis anapeza mwayi pa wailesi ya WDIA, komwe anatengera dzina loti B.B.

Chinsinsi cha kayimbidwe kake chili m'dzanja lamanzere. Mbale wake Bukka White ankaliza gitala potsetsereza kachitsulo pa nsambo, phokoso lake n'kumamveka ngati munthu akulira. King kachitsuloko kanamukanika, ndiye anayamba kutsanzira kulirako ndi chala. Tamuonani pa kanema: chala chamkombaphala chakanikiza nsambo, zala zinazo zili m'mwamba, dzanja lonse likunjenjemera kuchokera pamkono. Nthawi zina amakankhira nsamboyo m'mwamba mpaka liwu likwere, kenaka n'kukhala chete kaye. Kukhala cheteko ndi kumene ambiri timalephera.

Chinanso, nthawi zambiri sankayimba ndi kuliza gitala pa kamodzi. Amaponya mzere ndi pakamwa, gitala n'kuvomera, monga mtsogoleri wa kwaya ndi anthu ake. Izi mungazimve bwino m'chimbale cha Live at the Regal chomwe anajambula ku Chicago mu 1964.

Magitala ake onse ankawatcha Lucille. Iye ankafotokoza kuti tsiku lina akuyimba ku Twist, Arkansas, amuna awiri anamenyana n'kugubuduza mbiya ya palafini yowothera moto, nyumba yonse n'kuyaka. Anabwerera m'motomo kukatenga gitala yake, ndipo kenaka anamva kuti ndewuyo inali yolimbirana mkazi wotchedwa Lucille.

Nyimbo ya "3 O'Clock Blues" inamutchukitsa pakati pa anthu akuda mu 1952, koma tsankho linamutsekera kwa zaka zambiri m'mabwalo a akuda okhaokha. Mu 1956 mokha anayimba maulendo 342. Azungu ochuluka anadzamudziwa mochedwa, makamaka "The Thrill Is Gone" itatuluka mu 1969. Mu 1974 anayimba ku Kinshasa pa chikondwerero chokonzekera nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman.

Ngakhale ankadwala matenda a shuga, anapitiriza kuyimba atakhala pampando mpaka mu 2014. Anamwalira ku Las Vegas pa 14 May 2015 ali ndi zaka 89, ndipo anaikidwa ku Indianola, Mississippi.