Mikanda ya ku India idafika bwanji ku Mtakataka?

Aliyense amene adakhalapo pa sefa pamalo ofukula zinthu zakale amadziwa kuti ntchitoyi ndi yowawa msana. Umapungula dothi, kugwedeza, fumbi n'kukulowa m'mphuno, kenaka pakati pa timiyala n'kuona kanthu kofiira kapena kobiriwira, kochepa ngati njere ya mapira, koboola pakati. Umenewo ndi mkanda wagalasi. Mikanda yotere yapezeka yambiri ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pomwe padali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Yusuf Juwayeyi, katswiri wathu wa zofukula m'mabwinja, ndiye adakumba malowa, ndipo adapezanso zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu yosemedwa.

Makolo athu sankapanga galasi. Mikanda yambiri ya nthawi ya Kalonga inkachokera ku India, kuwoloka nyanja pa zombo zoyendera mphepo, n'kutsikira m'madoko ngati Kilwa, Angoche ndi Sofala. Kuchoka pagombe kudzafika kuno ndi pomwe pali nkhani, chifukwa kuno kudalibe ngamila monga za ku Sahara, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkatha ndi kashembe m'zigwa zambiri. Katundu yense ankayenda pamutu pa munthu, pa nkhata, m'tinjira tokhotakhota tolumikiza mudzi ndi mudzi. Nthawi zambiri sankayenda munthu mmodzi ulendo wonse. Katundu ankasinthana manja pamsika uno, n'kukasinthanso pa wina, mfumu iliyonse ikutengapo msonkho wake. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa kudzera m'dziko la Amaravi, ndipo njira zomwe adadutsamo adazipeza zopondedwa kale ndi eni dziko.

Chimene chimandiwawa ndi momwe ambiri tidaphunzirira nkhaniyi: akuti alendo ankabwera ndi mikanda, makolo athu n'kumangopereka minyanga ngati anthu osadziwa mtengo wa chinthu. Zofukulidwa sizivomereza zimenezi. Anthu a kuno adali amisiri, ndipo zopanga zawo ndi zimene zinkayendetsa malondawo.

Tiyambe ndi nsalu. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kulipota ulusi, n'kuwomba nsalu yolimba yotchedwa machila. Chopotera chake chidali kamtengo kolowetsedwa m'phale loboola pakati, ndipo mapale otere ndi omwe amatiuza lero kuti pamudzi wakutiwakuti padali owomba. Apwitikizi a m'mbali mwa Zambezi ankaigula nsaluyi n'kukasinthanitsa ndi golide kutsidya kwa mtsinjewo, ku ufumu wa Mwenemutapa, komwe anthu ankaikonda chifukwa inkakhalitsa. Pomwe David Livingstone ankadutsa m'Shire mu 1859 adapeza ntchitoyi idakali moyo, alimi akusiyanitsa thonje la kuno, lomwe ankalitcha kaja, ndi lochokera kunja, lomwe ankalitcha manga. Mukamva lero kuti wodwala amunyamula pa machila, dziwani kuti nsalu imeneyi nayo ankaimangirira kumtengo ponyamula munthu.

Chitsulo nacho chinkapita kutali. Mwala wachitsulo ankausungunula m'ng'anjo yadothi, makala ambiri akuyaka usiku wonse, kenaka wosula n'kuchitenga kupita nacho kuchipala, mvukuto zikupuma, nyundo ikulira. Khasu lotuluka pamenepo lidali chida cholimira komanso ndalama: linkagula mchere, nsomba zouma, ngakhale kulipira mlandu. Amene amati tidaphunzira malonda kwa alendo ayambe waona khasu limodzi lakale, momwe msuka wake adauumbira kuti ulowe mumpini osagwedera.

Mkuwa uli ndi njira yakeyake. Unkachokera kumpoto chakumadzulo, ku Katanga ndi kudera lomwe lero tikuti Copperbelt, ndipo unkayenda utaumbidwa ngati mtanda kuti umangike bwino. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi m'dziko la Zambia, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 adatulukira manda a anthu olemera. M'mandamo mudali mitanda yamkuwa, mikanda yagolide, mphande zochokera kunyanja yamchere, zidutswa za nsalu, komanso zida zokokera waya. Zida zimenezi ndi zomwe zimandigwira mtima kuposa golideyo. Mmisiri ankadutsitsa mkuwa pa kachibowo ka m'chitsulo, kuukoka, kuudutsitsanso pa kachibowo kocheperapo, mpaka utasanduka waya wowonda wokulunga zigwinjiri. Munthu woteroyo adaikidwa m'manda pamodzi ndi zida zake, zomwe zikusonyeza ulemu umene ntchitoyo idali nawo.

Za minyanga timazidziwa: mnyanga umene wagunda pansi njovu ikagwa udali wa mfumu mwini dziko, ndipo mwambo umenewu ndi umene unkaunjika chuma m'manja mwa Kalonga. Koma si yonse inkapita kugombe. Ku Mankhamba ina ankaidula pompo n'kusema makoza ovala m'manja.

Pofika m'zaka za m'ma 1800 njira zomwezi zidasanduka za misozi. Amalonda achiyao ndi achiswahili, monga a Jumbe a ku Nkhotakota, ankatsata minyanga ndi akapolo, ndipo munthu yemwe kale ankasenza katundu adasanduka katundu mwini wake. Nsalu ya merekani yochokera m'mafakitale idadzaza m'midzi, owomba machila n'kuyamba kuchepa.

Mukamalima m'bwinja n'kutukula phale loboola, ndowe za chitsulo kapena mkanda wakale, musazitaye kumalire a munda, ndipo musakumbe mofunafuna zina. Ikani chizindikiro pamalopo, mudziwitse amfumu ndi a nyumba yosungira zinthu zakale. Mkanda ukachoka m'dothi momwe udagona popanda wolemba kuya kwake ndi zomwe zidali pambali pake, sitingadziwenso zaka zake.