Mungu wa maluwa a chinaka suuluka ndi mphepo

Ambiri tinakula tikudziwa kuti mungu ndi fumbi lachikasu limene mphepo imauluza, monga umene umayoyoka pa ngayaye za chimanga. Pa chimanga n'zoona ndithu, koma si maluwa onse amatero. Banja la orchid, momwe muli zomera zija anthu amakumba popanga chinaka, lili ndi njira yakeyake.

Mungu wake suuluka n'komwe. Tinjere take tambirimbiri timamatana n'kupanga timibulu, kawirikawiri tiwiri pa duwa, totchedwa pollinia. Chimene chimatigwira pamodzi ndi ulimbo wamafutamafuta wotanuka, ndipo kunsi kwake kuli kachigamba komata. Njuchi ikalowetsa mutu kufuna timadzi totsekemera, kachigambako kamaikakamira pamutu, basi imanyamuka ndi mtolo wonsewo kupita nawo ku duwa lina. Mphepo ilibe gawo pamenepa.

N'chifukwa chake alimi a vanila, yemwenso ndi orchid, ku Madagascar, kumene kulibe tizilombo tosamutsa mungu wa vanila, amasamutsa mungu ndi manja, duwa limodzilimodzi, potsatira njira imene mnyamata wina waukapolo, Edmond Albius, anatulukira pachilumba cha Réunion mu 1841. Ku Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ntchitoyi amaigwira kwambiri ndi agulugufe, njuchi ndi tizilombo tina.