Jakisoni wa asilikali si wa ukali

M'maminibasi a ku Ndirande ndi ku Limbe mumamveka mphekesera yoti asilikali opita ku Democratic Republic of Congo amabayidwa jakisoni wowachotsa mantha ndi chifundo, n'chifukwa chake ena amabwerako okwiyakwiya. Nkhaniyi ndi yabodza.

Zimene amalandira asanapite kukasungitsa mtendere ndi katemera ndiponso mankhwala oteteza malungo. Katemera wa yellow fever, amene dziko la Congo limafuna kwa aliyense wolowamo, ndi yemweyo amene wamalonda wa mu Blantyre amabayitsa n'kupatsidwa kakhadi kachikasu, ndipo kuchokera mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limauwerengera kuti ndi wa moyo wonse.

Kusamala kumeneku kuli ndi mbiri yake. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918 kum'mawa kwa Africa, malungo ndi kamwazi zinagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo, makamaka amtengatenga onyamula katundu wa gulu la asilikali a atsamunda a ku Britain la King's African Rifles, amene ankayenda ndi njala komanso kumwa madzi oipa.

Nanga kusintha kwa khalidwe kuja? Munthu amene waona mnzake akutha magazi akudikira helikopita angathe kumadzidzimuka usiku, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga. Madokotala amati PTSD, nthenda ya maganizo yobwera munthu akaona zoopsa, ndipo imagwiranso anthu wamba, monga ena opulumuka namondwe Freddy ku Chilobwe mu 2023. Vutoli limachizika ndi uphungu ndi mankhwala, ngakhale akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo kumuloza chala msilikali wotere kumangomulepheretsa kukafuna thandizo.