EF-P sikuti ndi yoyambitsa ntchito ayi

Chipezekereni puloteni ya EF-P m'mabakiteriya mu 1975, akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti ntchito yake ndi kuthandiza raibosomu (kachipangizo ka m'selo kopanga mapuloteni) kulumikiza ma amino acid (tizidutswa tomangira puloteni) awiri oyamba okha popanga puloteni. Maganizowa anakhazikika zaka zambirimbiri, mpaka mu 2013 pomwe magulu awiri a ofufuza ku Germany anaonetsa kuti nkhani yagona pena.

Vuto ndi proline. Amino acid imeneyi ndi yopindika ngati mphete, youma khosi ndithu, ndipo ikatsatizana katatu kapena kuposa, raibosomu imatitimira n'kuima. Apa ndiye EF-P imalowerera pakati pa malo awiri a mu raibosomu otchedwa E ndi P, n'kuchirikiza tRNA (molekyu yonyamula amino acid) kuti ikhazikike bwino, ntchito n'kupitirira. Maselo athunso ali ndi inzake yotchedwa eIF5A.